Lachisanu Ndifufuta Mawu Anu

Amayi, kumene muliko kuli bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa?

Kuno tilipo. Mvula inachedwa, chimanga cha kuseri kwa nyumba chinangobereka tiana, koma chibwabwa cha maungu anu aja ndiye chakwera mpanda wonse, palibe wochithyola monga munkachitira. Mlongo wanga Yotamu anabwerera ku fakitale ya feteleza, ngakhale amamuitana mwa apo ndi apo. Ndipo ine ndinachira, Amayi. Ndi mtsikana, tinamutcha Esinati, dzina lanu. Chipumi ndi chanu, ukali nawo ndi wanu womwe.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi nkhani ya mawu anu.

Mukuikumbukira ntchito yathu ya ku yunivesite, ija munkandiseka nayo kuti mwana wanu amakwera minibasi tsiku lililonse kukaphunzitsa foni ulemu ku Lusaka? Kabokosi kaja ka mankhwala a BP, kodziwa kokha ngati katsegulidwa. Kakapanda kutsegulidwa m'mawa, foni imalankhula kukumbutsa mwini wake. Poyamba tinaikamo mawu a mtsikana wa m'kalasi mwanga, ndipo azimayi a ku Nangongwe ankangoizimitsa. Inu munandiuza mosapsatira kuti kamwanako kakulamula akulu ngati kondakitala, zilembo nazo n'zazing'ono ngati nyerere. Zinandiwawa, koma tinachotsa zonse n'kusiya batani limodzi lalikulu. Kenako munakhala pakhonde, nkhuku zikutisokoneza, n'kujambulitsa mawu anu: "Mwauka bwanji anzanga? Kabokosi kaja kakukudikirani."

Zinagwira ntchito. Ba Mutinta, mnzanga uja amene amafukula zobisika m'manambala ochokera m'timabokosi, anapeza kuti anthu akutsegula msanga kuyambira pamene mawu anu analowa. Tinakafotokoza pamsonkhano wa akatswiri, anthu n'kuwomba m'manja. Inu munangofunsa ngati anatipatsa chakudya.

Tsiku lojambula lija munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndikadzapita mudzandichotsemo, zonse. Sindifuna kumalankhula m'nyumba za anthu ine ndili m'manda." Ndinaseka, ndinavomera. Ndinkaona ngati n'zakutali.

Amayi, sindinakuchotsenimo. Ine yemwe ndimaphunzitsa ana asukulu kuti munthu akakupatsa mawu ake pa kafukufuku, chimene wapempha ndi lamulo. Maliro atatha ndinatsegula kompyuta, dzanja linakana. Ndinati ndidikire ndichire kaye. Nditachira ndinati mwana akuleko pang'ono. Ba Phiri ogulitsa kapenta pamsika anandilimbitsanso mtima, akuti ndisayerekeze kukuchotsani, moni wanu ndi wokhawo umene amalandira m'mawa chimwalirire akazi awo. Ndinakondwa kupeza pobisala.

Ndiye sabata yatha Amake Beauty, anzanu a kwaya aja, anagwa pampopi, BP itakwera. Mwana wawo ndi amene anandiuza ku kiliniki. Akuti chiikidwire inu m'manda, foni ikalankhula ankanjenjemera thupi lonse, chifukwa iwo ndi amene anakusambitsani. Anaikulunga m'chitenje n'kuikwirira m'ndowa ya ufa, kabokosi nako anasiya kukakhudza, poopa kuti mungayankhe. Ba Mutinta anaona m'manambala kuti kabokosi kena kakhala chete, koma mayina timawabisa, sitinadziwe msanga kuti ndi ka ndani. Ali bwino tsopano, akuyenda. Nditapita kukawaona sanandikalipire. Anangoti ndikulekeni mupumule.

Munaona patali, monga mwa masiku onse, ndipo ndakwiya nanu chifukwa cha chimenecho. Lachisanu tichotsa mawu anu m'mafoni onse ndi m'makompyuta a ku ntchito. Mayi wina wa kwaya wavomera kujambulitsa ake. Ba Phiri ndikawauza ndekha, sindikudziwa kuti ndikayamba bwanji.

Chondipweteka kwambiri si moni uja ayi. Ndi kachidutswa kena kamene sitinakaike m'foni. Pakati pojambula munaiwala kuti makina akumva, munasiya zowerenga n'kunena kuti, "Iwe Mada, wadya? Nkhope iyi ikundibisira kanthu." Ndinali ndi mimba ya Esinati, ndisanauze aliyense. Ndinazemba, ndinati tipitirize ntchito, ndidzakuuzani bwino tikadzakhala pansi. Inu munangoseka, kuseka kuja kwa m'mphuno. Ndimakamvera m'minibasi pochokera ku Lusaka, nkhope nditalozetsa pawindo kuti anthu asaone.

Yotamu akuti kameneko ndikasunge m'foni yanga, adzadziwa ndani? Ndayesa kudzinamiza kuti si ka kafukufuku, ndi ka ine ndi amayi anga. Koma munati zonse, ndipo munali mukundiyang'ana m'maso.

Masana ano ndinakhala pakhonde pomwe paja ndikuyamwitsa, ndinayatsa kachidutswako. Mutangoti "Iwe Mada", Esinati anasiya bere n'kutembenukira kukhomo. Anayang'ana nthawi yaitali, Amayi. Ndinamuuza kuti amenewo ndi ambuye ake, amvetsetse, chifukwa sadzawamvanso.

Lachisanu ndifufuta, ndalonjeza, ndipo ulendo uno sindizengereza. Koma lero ndi Lachitatu. Ndiloleni mundifunsebe mawa. Ndipo yankho lake, limene sindinakupatseni tsiku lija, ndi ili: sindinadye, Amayi, ndipo munalondola.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Madalitso