Pepala la Tinenenji lasowa dokotala wachitatu

Chawama, Lusaka
9 Juni 2024

Amama okondedwa,

Landirani moni wochokera kuno ku Chawama. Mwendo uja ukupeza bwanji? Mukumwa mankhwala, kapena mwayambanso zanu zija zobisa mapilisi pansi pa mphasa? Ine ndi ana tili bwino, kungoti magetsi akuzima tsiku lonse ndipo chisanu chafika.

Amama, khalani kaye pansi. Nkhani ndi ya mng'ono wanga Tinenenji. Ali moyo. Ndayamba ndi mawu amenewo kuti mtima usakuthaweni, koma wabwerera pakhomo pa manda.

Mukukumbukira kuti pobereka mwana wachitatu anakomoka ndi kuthamanga kwa magazi, adokotala n'kumuuza kuti mimba ina idzamupha. Mu Epulo anapezeka ali ndi pakati, chonsecho ankamwa mapilisi olera. Iye ndi amuna ake, ba Victor, anagwirizana zokachotsa kuchipatala. Kukiliniki anatiuza kuti lamulo limalola ngati moyo wa mayi uli pachiswe, koma madokotala atatu asayine pepala.

Atatu, amama! Pakiliniki pathu dokotala ndi mmodzi, nayenso amabwera Lachiwiri lokha. Ameneyo anasayina. Kuchipatala chachikulu wina anasayina titadikira masiku asanu ndi atatu. Wachitatu anangotibwezera pepalalo, akuti chikhulupiriro chake sichilola, tikafune wina. Tinayenda nalo mpaka linayamba kung'ambika mopinda muja, uku miyendo ya mwana wanu ikutupa.

Atatopa, anakagula mankhwala ochotsera mimba kumsika osandiuza. Atayamba kutaya magazi, ndine, mkulu wake, amene ndinati tidikire kaye, poopa kuti manesi atiitanira apolisi. Masiku awiri athunthu! Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ukundidya. Tinathamangira naye kuchipatala thupi litatentha, asakuzindikiranso anthu. Anamuchotsa chiberekero. Apolisi ndinkaopawo sanabwere n'komwe.

Tsopano watuluka, ali kwanga kuno. Koma apongozi ake, ba Chishimba, afika kuchokera ku Kasama. Akuti wapha mwana wa mtundu wawo, choncho asakhudze mbaula kapena kuthira mchere m'ndiwo, angadwalitse ana. Ana onse atatu awatengera ku Matero kwa mwana wawo wamkazi, ba Hilda. Tikumva kuti wamng'ono uja akukana kudya. Ba Victor, omwe aja ankanyamula pepala m'thumba la jekete, pamaso pa amayi awo angoti ndwii ngati nkhuku yovumbwa. Akuti Loweruka pa 22 mabanja awiri akhale pansi, ndipo akampeza Tinenenji wolakwa, ba Chishimba apita nawo anawo ku Kasama.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani inuyo. Musatume amalume. Iwo aja akangomva mawu oti kuchotsa mimba adzayamba kupepesa asanafunse n'komwe, ana n'kupita tikuona. Inu munalipo tsiku lija anakomoka, munamva ndi makutu anu zimene adokotala ananena. Ba Chishimba ine amandiona ngati kamtsikana ka m'tauni, koma mayi mnzawo adzamumvera.

Tinenenji anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Akuti apongozi sakuwaopa. Akuopa inuyo, mayi wa Chigwirizano kutchalitchi, kuti mudzamuyang'ana ndi maso otani. Lumbirolo ndaliswa, adzandikhululukira yekha. Ngati mukubwera kudzamudzudzula, ndi ulemu wonse amama, khalani ku Katete komweko, ndidzaima naye ndekha. Koma dzulo pomusambitsa anaiwala n'kundiitana kuti amama, ndipo atazindikira kuti ndine anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira.

Mundiperekere moni kwa atate aang'ono, azakhali, alamu anga ndi adzukulu anu onse. Musawauze kanthu mpaka mutamuona nokha.

Tsalani bwino,
Ine mwana wanu,
Ennie