Mira ya Fahim Pamzere wa Petulo

Lolemba, 4 Novembala

Zonena eni ake, makilomita pa lita imodzi:
Mayi Nasreen a sitolo ya nsalu ku Limbe, Passo: 16
Abusa a ku Naperi, Vitz: 15
Mwana wa achimwene, Alto: 25 (wabodza chibadwire, ndachotsapo 5)
Fahim wa takisi ku Chinyonga, Mira: 20
Pikapu yathu: 7 (iyi ndinayeza ndekha)
Kuchoka kuno ku Chigumula, kuchipatala ndi kubwerera: makilomita 28

Lero amuna anga, a Joseph, ndapita nawo kuchipatala ndi timadontho totsiriza ta m'pikapu. Impso zawo zinaima, ndiye Lolemba ndi Lachinayi lililonse ayenera kukagona pamakina otsuka magazi. Akaphonya kamodzi miyendo imatupa. Akaphonya kawiri, adokotala anandiuza osandibisira. Minibasi sangakwere. Mkono wobayidwa masingano uja sufuna kugundidwa, ndipo pobwera amakhala ofooka ngati nsanza. Pikapu igulitsidwe basi, tigule kagalimoto komwa pang'ono. Woigula alipo kale. Koma ine sindigula chinthu chifukwa choti mwini wake wachitama.

Pa Chichiri mzere wa petulo unafika chakusitediyamu. Amuna awiri amagwetsana pamwamba pa boneti, wina ali ndi jeke m'manja. Malaya a mnzakeyo anali atafiira kale. A Joseph anali mtulo, sanaone.

Lachiwiri, 5 Novembala

Fahim wabwera. Ndinamuphunzitsa masamu ku sekondale, mpaka lero amati madamu, ndevu zili mbuu. Mira akuigulitsa, akufuna yonyamula anthu ambiri. Mtengo tagwirizana, koma ndati ndiiyeze kaye.

"Madamu, twente. Ndilumbire?"

"Usalumbire. Tidzaza thanki mpaka kukamwa, uyenda masiku angapo, kenaka tidzazanso mpaka kukamwa pampope womwewo. Tigawa makilomita ndi malita."

Waseka. Akuti masiku ano munthu sasankha mpope, umangothokoza pamene wapeza. Ndati mipope imasiyana. Wakanda m'mutu, wati chabwino madamu, Lachinayi odwala ndiwanyamula ndine.

Lachitatu, 6 Novembala

Tadzaza ku Limbe cham'mawa. Mpope utadziimitsa ndati aigwedeze galimoto kuti mpweya utuluke, mafuta atsike. Wagwedeza katatu, ndi dzanja limodzi lokha. Kupepuka kwake! Ndasuzumira ndekha, petulo akuoneka pakamwa penipeni. Tafufuta makilomita, tayambira ziro.

Pamalopo akulamula ndi anyamata a zigubu, amene amagula mafuta n'kukagulitsa m'mbali mwa msewu. Wakabaza wina anafuna kulowetsa njinga yake pakati pawo. Anamuvula chisoti n'kumumenya nacho kumaso mpaka chinang'ambika. Anagwa, anamupondaponda. Mtsikana wothira mafuta anangoyang'ana pampope, naye mlomo wotupa. Mayi wina pafupi nane amati, "Msiyeni, wamva, wamva." Sanamusiye mpaka atatopa.

Fahim anati, "Mwaona madamu? Kachiwiri tisadzabwere kuno."

Lachinayi, 7 Novembala

Kuchipatala pa Mira. A Joseph akuti ndi kabokosi ka machesi, maondo akugunda mpando. Tisanafike ku Limbe anali akuliza mkonono. Singano ya petulo sinasunthe n'komwe.

Lachisanu, 8 Novembala

Ndadutsira kwa mayi Nasreen kukafunsa za sipeya. Akuti sizivuta. Koma akuti kagalimoto kakang'ono kali ndi vuto limodzi limene ogulitsa sakuuza: pamzere anthu sakaopa. Wa lole palibe amamukankha. Abusa pafoni akuti yawo ikanyamula oimba kwaya anayi imakwera mtunda ngati ikupemphera. Onse akuti gulani, simudzalira.

Fahim waimba. Mnzake wina ku Ndirande angamupatse malita khumi popanda mzere. Ndakana. Akathira a m'chigubu muyeso wonse wawonongeka. Ndati mawa, ku Limbe, mpope uja.

"Madamu, anthu ndi okwiya."

"Sitikubera munthu. Tikhala pamzere ngati aliyense."

"Insha Allah," anatero, n'kudula.

Loweruka, 9 Novembala

Magalasi anga asweka diso limodzi. Ndilembabe.

Tinaima pamzere kuyambira m'mawa, dzuwa likuswa mtengo. Chigalimoto cha mafuta chinabwera masana, ndipo chinatsitsa ochepa. Lamulo linali malita makumi awiri galimoto iliyonse. Ife timafuna osafika pamenepo, ndiye mtima wanga unali m'malo. Kumbuyo kwathu kunali minibasi, dalaivala wake wamkulu thupi, wa kapu yofiira. Akuti anagona pamizere ina masiku awiri osapeza kanthu.

Tinafika pampope dzuwa litapendeka. Mtsikana uja anathira, mpope n'kudziimitsa. Ndinati gwedeza. Fahim ananong'ona, "Madamu, pakwana." Ndinati Lachitatu tinagwedeza katatu, lero tigwedezanso katatu. Anagwedeza. Mahutala anayamba kulira. Anagwedezanso. Ine ndawerama, diso pakamwa pa thanki. Kachitatu mpope unatsokomola, n'kutulutsa mpweya wokhawokha.

Mtsikana anati, "Atha."

Kenaka wa kapu yofiira anatsika.

"Kagalimoto kakang'onong'ono aka kamamwa chiyani nthawi yonseyi?"

Wina kumbuyo anakuwa, "Kali ndi thanki ina pansi! Ngogulitsa uyu!"

"Mwamuona amagwedeza? Amatsitsira ku inayo!"

Fahim anakweza manja, "Mabwana, mverani kaye." Sanamalize. Wa kapu anabwera ndi chitsulo chomasulira matayala. Fahim anatchinga mutu ndi mkono. Ndinamva kuti phwa, ngati nzimbe. Anagwada. Anamukankhira pansi n'kuyamba mateche, m'nthiti, kumsana, kumaso. Ena mwa omenyawo anali anyamata a zigubu aja, amene amagulitsadi. Ena anali abambo ovala bwino, mmodzi wa tayi. Ndinakuwa kuti ndine, ndine ndamutuma, ndikuyeza galimoto. Wina anandikankha ndi chigongono, magalasi anga n'kugwa. "Agogo pitani kunyumba!"

Anati aione thanki yobisikayo. Anagwira galimoto mbali imodzi, n'kuwerengera limodzi ngati akunyamula bokosi la maliro, n'kuigoneka chammbali. Mawindo anaphulika. Chotsekera chinali chisanabwezedwe. Petulo yense ndinamuumirira uja anayamba kukhuthukira pasimenti, kuyenderera mpaka pamene panagona Fahim. Anthu anathamangira ndi mabotolo, wina ndi jumbo, wina amanyowetsa malaya n'kumafinyira m'chigubu. Amamenyananso okhaokha polimbirana.

Ndiye ndinamva, "Kayatseni! Kayatseni!"

Mnyamata wina wamtali anali atatulutsa kale machesi. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinalowa m'chithaphwi muja, ndinakhala pansi pafupi ndi Fahim, ndinaika mutu wake pamiyendo panga. Chitenje chinanyowa mpaka m'chiuno. Ndinati, "Yatsa, mwanawe. Uyambe ndi ine."

Anandiyang'ana, kamtengo kali m'manja.

Mtsikana wa mlomo wotupa uja anakuwa mpaka mawu kusasa, "Mukayatsa tifera pano tonse, zitsiru inu! Pansi pano pali mathanki!"

Wa tayi anali atazungulira kuseri, akusuzumira kumimba kwa galimoto. Anati, mawu otsika, "Palibe thanki ina apa."

Anayamba kubwerera mmodzimmodzi, aliyense ku galimoto yake. Wamachesi sindinaone kumene analowera. Ena mwa omwe anaigwetsa anabwera n'kuidzutsa, osandiyang'ana. Wa kapu anaimika minibasi yake patali, akusuzumira pagalasi. Apolisi anafika zonse zitatha. Mayi wina anandibweretsera magalasi anga, diso limodzi losweka.

Fahim amapuma mobanika. Anati, "Madamu, mwawerenga malita?" Ndinayang'ana pampope. Anali atazimitsa kale.

Lamulungu, 10 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Ndasamba kangapo, fungo silikuchoka. Khungu la m'ntchafu layabuka.

Fahim mkono wathyoka pawiri, nthiti zitatu, mano awiri. Amugoneka m'chipatala. Ndinapita ndi phala. Amayi ake, a Aminatu, anali pambali pa bedi ndi mikanda yawo yopempherera. Ndinapereka moni. Anayang'ana khoma. Phala ndabwerera nalo.

A Joseph afunsa kuti mawa tiyenda bwanji. Pikapu ilibe ngakhale dontho. Ndaimbira abusa, galimoto yawo ili pamzere ku Zingwangwa. Mwana wa achimwene sakuyankha. Miyendo ya a Joseph yayamba kale kulemera, ndaona mmene akuvulira masilipasi.

Lolemba, 11 Novembala

M'mamawa ndamva galimoto pageti. Mira. Mbali yakumanzere yonse yophwanyika, m'mawindo mwamatidwa mapulasitiki, galasi lakutsogolo lili ndi mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi. Woyendetsa anali mlamu wa Fahim. Watsika, watsegulira a Aminatu.

Sanalowe m'nyumba. Aima pageti, makiyi m'manja.

"Mwanayo sanagone. Akuti lero ndi tsiku la odwala."

Ndati, "Amake Fahim, ine ndilibe mawu."

"Mawu sindinawabwerere. Mwaiyeza mokwanira?"

Ndati ndaigula. Pa mtengo womwe tinagwirizana Lachiwiri, osachotsapo kanthu, ndipo za kuchipatala n'zanga. Andiyang'ana nthawi yaitali. Makiyi sanandipatse m'manja, awaika pamwamba pa chipilala cha geti.

"Miyezi itatu sagwira chiwongolero. Ana ake azidya chiyani, muwerengenso zimenezo."

Ndati ndiwerenga.

Ndasesa magalasi pampando wakumbuyo, ndayala bulangete, ndawakhazika a Joseph mkono wodwala uli chakumtunda. Galimoto yalira nditangoiliza kamodzi kokha. Chitseko chakumbuyo chakumanzere sichitseguka, chiwongolero chikukokera kumbali, pulasitiki akuphupha ngati mbendera. Podutsa ku Limbe mzere unalipo pamalo paja, utali womwewo. Pasimenti padakali banga lakuda. A Joseph aphimba mphuno ndi mpango.

Mawindo otsala: 2
Zitseko zotseguka: 3
Petulo wotsala: pansi pa theka, wa maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi
Masiku a makina ophonya: 0

Ndikulemba ndili pabenchi panja pa chipinda cha makina. A Aminatu anakwera nafe kuti akaone mwana wawo. Ndinawatsegulira kutsogolo. Anakana, anakakhala kumbuyo pafupi ndi a Joseph, ndipo msewu wonse anawagwirira mkono kuti usagunde chitseko.

Edina Makwinja