Anakankha makwerero mlamu wanu ali pamwamba

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwavutabe? Ife kuno tili moyo, koma sindinganene kuti tili bwino. Muwerenge muli panokha, amayi asamve kaye.

Paja munkamuseka mlamu wanu, mwamuna wangayu, kuti anzake amaweta nkhuku, iye amaweta magetsi akufa. Ntchito ija sanaisiye. Kulikonse kumene akugwetsa nyumba yakale amapitako kukapempha magetsi a machubu aja, aataliatali, okhala ndi chivindikiro chachitsulo. Amawapala dzimbiri, kusintha mawaya ndi sitata, ine n'kupaka penti. Ena timagulitsa kwa eni malo odyera amene amakonda zinthu zachikale, koma okongola kwambiri amawakaniza. Anadzaza pansi pa bedi, pamwamba pa kabati ndi m'mbali mwa khoma, moti mwana wathu m'nyumba amayenda cham'mbali ngati nkhanu.

Sabata yatha anamva kuti akugwetsa fakitale yakale yosoka zovala. Anakalankhula ndi kapitawo wa ogwetsawo, ndipo anatilola kuchotsa magetsi a m'holo yaikulu makina asanafike. Mukanamuona nkhope titalowa. Anali magetsi a zivindikiro zobiriwira, olendewera pa matcheni, mizeremizere mpaka kumapeto kwa holo. Anati mtundu umenewu ankangouona pazithunzi. Mwana tinali titamusiya kwa mayi oyandikana nafe.

Iye anali pamwamba pa makwerero kumasula, ine pansi kulandira. Titatsitsa angapo, analowa amuna atatu otola zitsulo, atanyamula nyundo ndi matumba. Mtsogoleri wawo ndi munthu wina wamfupi wojintcha amene amamutcha Dzimbiri. Anthu amenewa getsi alibe nalo ntchito. Amafuna waya wamkuwa wa m'kati mwa choki, kabokosi kolemera kaja kamene kamayatsa chubu. Amaphwanya getsi lonse chifukwa cha mkuwa wosadzaza n'dzanja lomwe.

Dzimbiri anati fakitaleyo ndi munda wawo, ndipo wokolola m'munda wa eni amadziwa chomuchitikira. Mlamu wanu anamuyankha mwaulemu ali pamwamba pomwepo, kuti kapitawo watilola, komanso kuti mapaipi, zitseko ndi zina zonse atenge, iye akungofuna magetsi okha. Dzimbiri anayandikira magetsi amene tinatsitsa aja. Anaponda chivindikiro chimodzi n'kuyamba kuchisinja ndi nyundo. Mlamu wanu anamupempha kuti asiye, nayamba kutsika. Phazi lisanafike pa sitepe yachiwiri, mnzake wa Dzimbiri anakankha makwerero.

Mmene thupi la mlamu wanu linalirira pa simenti sindidzaiwala. Anagwera cham'mbali, mwendo utapindikira kolakwika. Sanakuwe n'komwe, anangoyasama, mpweya osatuluka. Ndikuthamangira kwa iye, Dzimbiri anatola chubu n'kundimenya nacho kumaso. Chinaphulika. Magalasi ndi ufa woyera wa m'kati uja zinandilowa m'tsitsi ndi m'kamwa, magazi n'kutseka diso limodzi. Ndi diso linalo ndinaona akumuponda mlamu wanu m'nthiti ndi pa mwendo wopindikawo, akumufunsa ngati akufunabe magetsi.

Pambali panga panali choki imene tinali titamasula. Ndinainyamula ndi manja awiri n'kumumenya nayo Dzimbiri pansagwada. Ndinamva fupa likuphwanyika. Anagwada akulavula mano, ine n'kumumenyanso paphewa. Ndikanapitiriza kapitawo ndi mlonda akanapanda kundigwira kumbuyo. Anzake aja anathawira pawindo. Achimwene, inu mumandidziwa, kwathu ndinkathawa mukamapha nkhuku. Mpaka lero manja angawa ndikuwayang'ana ngati a munthu wina.

Mlamu wanu anathyoka fupa la m'chiuno ndi nthiti. Madokotala amuika chitsulo, ndipo akuti adzayenda ndithu koma za makwerero aiwale. Ine anandisoka pamphumi ndi patsaya. Diso lapulumuka, ngakhale namwino akuti mabala a chubu amachedwa kupola. Dzimbiri nayenso ali m'chipatala chomwecho, nsagwada atazimanga ndi waya, chakudya akumwera m'kapaipi. Apolisi anandifunsa mafunso, kapitawo anaikira umboni kuti ndinkateteza mwamuna wanga, ndipo anandimasula. Koma mlandu ulipo, ndipo andiletsa kutuluka m'tauni muno.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Dzana masana, ine ndili kuchipatala kumudyetsa mlamu wanu, anzake a Dzimbiri anabwera kunyumba. Anathyola chitseko n'kuphwanya getsi lililonse limene analipeza, ndi aja omwe tinawakonza titangokwatirana kumene. Mkuwa sanatenge n'komwe. Machubu onse anawaswera pa kabedi ka mwana, bulangete lake linachita kuyera mbee ndi magalasi.

Mwana anali kwa mayi oyandikana nafe aja, ndipo anamva zonse chifukwa khoma lathu ndi limodzi. Mayiwo anabisala naye kuseri kwa kabati atamugwira pakamwa. Pochoka, anthuwo anagogoda pazenera lawo n'kunena kuti andiuze kuti sukulu ya mkaka imene mwana amapita akuidziwa, ndi mtundu wa chikwama chake womwe. Ndinakanena kupolisi, anati afufuza. Kuyambira tsiku limenelo mwanayu sakudya bwino, ndipo supuni ikangogwa pansi amathawira m'miyendo mwanga.

Mlamu wanu sindinamuuze za kunyumbazi. Dzulo anandifunsa ngati ndinakatenga magetsi obiriwira aja, n'kundilangiza kuti ndiwaike pouma asachite dzimbiri. Ndinangovomera. Munthu woti sangathe kutembenuka yekha pabedi, ndimuuze bwanji kuti akuopseza mwana wake?

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzamutenge mwanayu akakhale kwanuko mpaka mlandu utatha. Ine sindingachoke, ndipo kumutumiza ndi munthu wapabasi mtima sukulola. Ndikudziwa kuti ntchito yakuchulukirani, koma chibale ndi fupa, ndipo wina woti ndimulirire ndilibe. Amayi muwauze kuti mdzukulu wawo akubwera kudzacheza. Zinazi ndidzawafotokozera ndekha nkhope ikapola.

Mukafika musapite kunyumba, sitikugonako. Mudzatipeze kuchipatala, pa benchi ya pakhomo la wodi ya amuna. Zovala zake ndalongedza kale, zili m'thumba pansi pa benchipo. Mukaona mayi wokulungidwa mabandeji kumaso atafungatira mwana, musapitirire, ndine.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi amalume. Ana anu muwauze kuti msuweni wawo akubwera, ndipo asamufunse zambiri, angosewera naye.

Tsalani bwino, ndikhala ndikuyang'ana kukhomo.

Ine mlongo wanu,
mzime wa amayi