Chitini chanu chogogodera ufa

Amayi, kumeneko muli bwanji kodi?

Kuno tilipo. Mkazi wa mchimwene wanga Yusufu anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chimanga cha ku Mitundu chinachita bwino, kungoti anankafumbwe atilowerera. Pabenchi yanu ija mumsika pakukhala mayi wina wa nyemba. Ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali.

Pali funso lanu limene sindinaliyankhe, ndipo likundidya mumtima. Mukukumbuka tsiku lija munabwera kuntchito kwanga ku Area 4, chitenje chili mbuu ndi ufa, mutanditengera mbatata yootcha? Munandifunsa kuti m'katimo ndimagwira ntchito yanji. Ine, pochita manyazi ndi anzanga, ndinati simungamve, ndi za kusukulu. Ndinakusiyani pageti ndi alonda. Munangomwetulira n'kubwerera kumsika.

Lero ndikuyankheni. Timapanga ufa wa phala la ana. Ufa ukabwera ndimauyeza pasikelo, n'kuuthira m'botolo lagalasi lokhala ndi mizere, n'kuona pamene walekeza. Kenako makina amaligogoda botololo kambirimbiri, ine n'kuonanso. Ukatsika pang'ono, udzayenda bwino pothira m'mapaketi. Ukatsika kwambiri, ndiye kuti ndi wogwirana, udzatseka makina.

Sabata yatha magetsi anazima galimoto ya ufa ikudikira panja. Ndinayamba kugogoda botolo patebulo ndi dzanja. Ndinangozindikira dzanjalo likugogoda katatu, n'kupuma, katatunso, ndendende mmene munkachitira ndi chitini chanu polandira ufa wa kuchigayo. Ufa uja unatsika kwambiri, ndipo ndinakumbukira zimene munkakonda kunena: "Ufa wonyowa ndi wabodza, umadzaza chitini ndi mpweya." Nditaufinya m'dzanja unagwiranadi. Ndinaubweza, abwana n'kundiyamikira kuti sukulu sinapite pachabe. Ine ndinakadzitsekera kubafa n'kulira.

Zaka zinayi za kukoleji, Amayi, kukaphunzira zimene ndinkaziona tsiku ndi tsiku nditakhala pathumba pambali panu. Ndikanakulowetsani tsiku lija, bwenzi mutatiseka tonse ndi makina athuwo, ndipo inenso ndikanaseka nanu. Pepani. Ndinadikira mpaka mwapita kuti ndichite manyazi oyenera.

Chitini chija ndinachipeza kwa Yusufu akutungira gaga wa nkhuku. Ndinamukalipira ngati kuti ineyo ndinakusamalani kuposa iye. Ndachitsuka, ndipo Lolemba ndidutsa nacho pageti pomwe paja, ndikachiike patebulo langa pafupi ndi botolo. Wondifunsa aliyense ndidzamuuza kuti n'cha mayi anga, ankagulitsa ufa mumsika, ndiwo anandiphunzitsa ntchito. Mnzanu wa dzinayu akakula ndidzamugwiritsa chitinicho, katatu, n'kupuma, katatunso. Ili ndi lonjezo langa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu