Kompyuta Yoiwala Tsiku

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chisepo tilipo, kupatula amayi amene akudandaula bondo.

Kompyuta yakale munandisiyira ija yandichititsa manyazi. Magetsi akangothima imaiwala tsiku ndi nthawi, ndipo poyatsa imaima mpaka ndidine F1. Lachiwiri magetsi anathima kawiri, ine osaona kuti chaka chabwerera m'mbuyo. Ndinasindikiza kalata yosamutsira Mayi Nabanda ku mpingo wa ku Nachisaka. Abusa atawerenga anati, "A Phiri, mayiwa mwawasamutsa asanabatizidwe?" Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala mlembi wa mpingo, sindinaphonyepo tsiku.

Tsopano makalata onse akupita kwa mng'ono wathu Yohane, poti laputopu munamugulira ija siiwala kanthu. Amadutsa nayo pakhomo panga m'chikwama chatsopano, ine n'kumangomupatsa moni. Mwina munaona mwa iye chimene mwa ine mulibe.

Wokonza makompyuta wati chatha ndi kabatire kam'kati, kofanana ndi ndalama yachitsulo. Laputopu sindikukupemphani. Nditumizireni kabatireko msanga, akulu ampingo asanasankhe mlembi wina.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Yosefe