Kamtedza Akuwerenga Chobwerera M'mbuyo

Lachitatu, 9 Okutobala

Achemwali,

Moni. Muli bwanji kumeneko, nanga mwendo wa amayi unasiya kutupa? Ife tilipo. Mayi a Kamtedza anayamba ntchito yochapa ku hotela, ine ndikadali pageti la fakitale lija.

Nkhani yanga ndi ya mwana. Lamlungu ndinamuyalira mabatani khumi kuti andiwerengere. Anayambira pa teni, naini, eyiti, mpaka ziro, kenako n'kukweza manja n'kuyamba kulira ngati injini. Ndinamuuza ayambire pa wani ngati anthu onse. Anakana, akuti ukayambira pa wani sunyamuka.

Masana timamusiya ndi bambo a chipinda choyandikana nafe, okonza mawayilesi, amene anthu amangowatchula a Mawaya. Nditawafunsa, anatulutsa chimbale chakuda chachikulu ngati chivundikiro cha poto, akuti chinatuluka ine ndisanabadwe. Pachikuto pali munthu wovala zoyera, mutu uli mu mphika wagalasi, nkhope kulibe, akuyandama popanda poponda. Anachiika pamakina oimbira. M'chimbalemo mwamuna wina anawerenga chobwerera, kenako magitala kulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Akuti nyimbo zonsezo ndi za ulendo wa kumwezi, ndi za munthu amene sanabwereko. Ndinafunsa kuti nanga anapitirako chiyani, kuli ntchito? Anaseka mpaka kutsokomola.

Ine sindinaseke. Munthu wamkulu wokhala yekha, mlendo sabwera ndi mmodzi yemwe, kumauza mwana wa zaka zitatu za kuuluka, inu mukuziona bwanji? Mayi ake akuti ndine wamantha, mkuluyo amamudyetsa, amamugoneka, ndipo satilipiritsa. Kusalipiritsako ndi kumene kukundisowetsa mtendere.

Dzulo ndinamufunsa mwanayo kuti ziro ikakwana amanyamuka ndi ndani. Anandiyankha osaphethira, "Ndi a Mawaya. Inu mutsala, muzitsegula geti."

Achemwali, inu munaphunzitsapo ana, ine sukulu ndinangoinunkhiza. Ndiuzeni zoona, mwana woyambira kumapeto amawongoka? Kapena ndi chinthu chamulowa? Sindingakanenere munthu kwa eni nyumba chifukwa cha nyimbo, andiseka. Mayi akenso sangasiye ntchito angoyamba kumene.

Pempho langa ndi limodzi. Mulankhule ndi amayi atibwereke mng'ono wanu adzakhale nafe, ngakhale miyezi iwiri, azimuyang'anira mwanayu. Pogona tipanikizana, mphasa ilipo.

Lero sindinagogode kwa a Mawaya. Mwanayo ndabwera naye kuno kuntchito, ndamubisa m'kanyumba ka pageti, pansi pa tebulo limene ndikulemberapo, ndamupatsa makiyi akale azisewera nawo. Abwana amalowa pageti galimoto itatsekedwa magalasi, sanamuone. Tsiku limene adzatsitse galasi, ntchito yatha. Yankhani msanga.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume ndi ana onse. Amayi musawauze za kumwezizi, mungoti tasowa wolera.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Kamtedza