Makobidi agolide a malemu bambo andilanda mtendere

Aphungu,

Ndithandizeni nzeru. Ndine mayi wa ku Mangochi, ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa amwenye ena kuno ku Chatsworth mumzinda wa Durban, ndipo ndimagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Bambo anga, omwe anali telala ku Jacobs, adatisiya mu February. Tikulongedza katundu wawo, ine ndi mlongo wanga Said tidapeza kathumba kosokedwa mbali zonse pansi pa makina awo. M'katimo munali makobidi asanu ndi anayi achikasu, ang'onoang'ono koma olemera. Asanu ali ndi mutu wa mfumu yandevu, kuseri kwake munthu wokwera hatchi akulimbana ndi chilombo. Anayi otsalawo ali ndi zilembo za Chiarabu zopotanapotana, zomwe ine wolekeza madrasa panjira sindingaziwerenge.

Titaimbira azakhali kumudzi, adati, "Amenewo ndi a agogo anu aamuna, adabwera nawo kuchokera ku Zanzibar komwe ankaphika m'sitima. Musawataye."

Said adatenga khobidi limodzi kupita nalo kwa mkulu wina ku Greyville amene amagula golide m'kachipinda kopanda chikwangwani. Mkuluyo adalipala ndi tupa n'kunena kuti, "Eish, uwu ndi mkuwa chabe. Bweretsani onse, ndikupatsani R200 lililonse." Chiyambireni tsikulo mkuluyo sakuleka kuimba foni, ndipo dzana adafunsa Said kuti mlongo wake amakhala msewu uti.

Mukudziwa mmene zinthu zilili kwa alendo mwezi uno wa April, eni dziko akutimenya ndi kutithamangitsa. Anzathu ambiri ali m'matenti kukampu, kudikira mabasi opita kumudzi. Mu taxi sindiyankha foni kuopa kuti angandimve Chichewa. Makobidiwa ndimayenda nawo m'chiuno, chifukwa abwana anga aakazi ali ndi kiyi ya chipinda changa, komanso iwo ali ndi golide wawo wa ukwati. Atawapeza, ndani angakhulupirire kuti wantchito angakhale ndi golide wakewake? Kupolisi sindingapite, masiku adandithera mu pasipoti. Said akuti tigulitse mawa tikwere basi. Kodi ndi golidedi? Ndichite bwanji?

R.I., Chatsworth, Durban

Mayi R.I.,

Pepani ndi maliro. Tsopano pumani kaye mundimvere.

Munthu salondola mnzake mpaka kunyumba chifukwa cha mkuwa. Mkulu wa ku Greyville uja waona chinthu chabwino, ndipo akudziwa kuti wamantha amagulitsa motchipa. Said asayankhenso foni yake, asatchule komwe mukukhala, ndipo nkhaniyi asamaicheze ndi anzake.

Sindingatsimikize popanda kuona, koma a hatchiwo akufanana ndi makobidi agolide akale a ku Mangalande, ndipo a Chiarabuwo angakhale a ku Turkey kapena ku Arabia. Ngati ali enieni, R200 ndi chipongwe. Mtengo wake umachokera pa kulemera kwa golideyo, chaka chomwe adapangidwa, ndi mmene asungikira. N'chifukwa chake musawatsuke ndi mandimu kapena phulusa, ndipo wina asawakhudzenso ndi tupa. Mutha kuwayandikiza kwa maginito: khobidi lokakamira si golide, koma losakakamira sizikutanthauza kuti lapambana, pakuti mkuwa nawo sukakamira.

Lero lomwe, jambulani khobidi lililonse mbali zonse ziwiri, mulembe zaka zomwe zikuoneka, mutumize zithunzizo kwa azakhali. Iwo alembe kalata yofotokoza mbiri ya makobidiwa, mboni zisayine. Kenako pitani kwa shehe amene adayendetsa maliro a bambo anu. Akuthandizani kuwerenga Chiarabucho, akhala mboni yanu, ndipo akuuzani amene ali ndi gawo, chifukwa chuma cha masiye si cha inu awiri nokha. Mukakhala ndi kalata ndi mboni, abwana anu mungawauze shehe ali pomwepo, ngati mumawakhulupirira. Wakuba sabwera ndi mboni.

Kukayetsa mtengo, tengani khobidi limodzi lokha, masana, mutaperekezedwa ndi munthu wa mapepala abwino. Pitani kusitolo yodziwika yogula makobidi akale, yokhala ndi chikwangwani ndi chiphaso. Aliyeze pasikelo inu mukuona, asalowe nalo kuseri, ndipo akulembereni zomwe apeza. Funsani masitolo awiri kapena atatu musanavomere chilichonse.

Ogula enieni amafuna chiphaso cha wogulitsa, choncho kaonaneni ndi a ofesi ya kazembe wa dziko lathu za pasipoti yanu. Muwafunsenso malamulo owolotsera golide, chifukwa wobisa m'chiuno akagwidwa pachipata cha Beitbridge amataya katundu ndi ufulu womwe.

Chenjezo langa ndi ili: ngati zinthu zavuta pomwe muli, thawirani kukampu osadikira mtengo. Ndipo achiwembu akakutsekerezani panjira, aponyereni kathumbako muthawe. Abale anu ku Mangochi adzakulandirani mutabwera chimanjamanja, koma sadzadzikhululukira kukulandirani m'bokosi.

Aphungu